Ndodo yowedzera ya 8-17 lb, braid ya 50 lb, nanga drag ndimange bwanji? Yankho kwa achimwene a ku Mabvuku

Imelo iyi yachokera kwa achimwene ena a ku Mabvuku ku Harare, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditchule. Inali yaitali ndithu nde ndaidula, koma nkhani yake ndi iyi:

"Ndagula ndodo yatsopano mtauni, pamwamba pa chogwirira palembedwa 7'0" Medium Fast, 8-17 lb, 1/4-3/4 oz. Reel ndili nayo kale ya saizi 4000, pa bokosi lake analemba max drag 11 kg. Mlamu wanga wandibweretsera braid ya 50 lb kuchokera ku Joni. Ndodo yanga yakale inathyoka ku Darwendale mlamba uli pafupi kutuluka, nde sindikufuna zichitikenso. Manambala amenewa akugwirizana? Poti chingwe ndi cholimba chonchi, drag ndimange mpaka kumapeto? Mu October tikufuna kupita ku Kariba kukayesa tiger."

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi chofunika kwambiri kuti olo mutatopa nkusiyira panjira mukhale mwamva: drag, imene ndi buleki ya reel (chokulungira chingwe), musamange mpaka kumapeto, ayi ndithu. Braid ya mlamu wanuyo, chingwe cholukidwa ndi tiulusi tambiri, mutha kuigwiritsa ntchito bwinobwino, koma drag muitchere potengera ndodo, osati potengera chingwe, ndipo pa ndodo yanuyo ndekuti penapake pakati pa 2 kg ndi 2.5 kg basi. Ndikudziwa kuti zikumveka zochepa kwa munthu amene ali ndi reel yolembedwa 11 kg, nde tiyeni tione kumene nambalayo ikuchokera.

8-17 lb ija sikutanthauza kuti ndodo imanyamula nsomba ya 17 lb, anthu ambiri amawerenga choncho ndipo ena ogulitsa mmashopu amakuuzaninso choncho kuti mugule msanga. Nambala imeneyo ikunena za chingwe, kuti amene anapanga ndodoyo anaipangira chingwe chimene chimaduka pakati pa mapaundi 8 ndi 17. Paundi imodzi ndi 0.45 kg, nde mmakilo athuwa ndi kuyambira 3.6 kg kufika 7.7 kg. Mukaika chingwe chopyapyala kuposa pamenepo, ndodo imakhala yolimba kuposa chingwe, mukangokoka mwamphamvu pobaya mbedza chingwe thapu, ndodo isanapinde nkomwe. Mukaika chokulirapo kuposa pamenepo nkumanganso drag, zinthu zimatembenuka, chingwe sichiduka, reel siimasula, chotsala chogonja ndi ndodo. Ndipo mukaona mitengo ya zinthu ziwirizi, chingwe cha mamita awiri kutsogoloko ndi ndodo yathunthu, mukudziwa nokha chimene mungalole kuti chiwonongeke.

1/4-3/4 oz ndi kulemera kwa zimene mukuponya, kuyambira magalamu 7 mpaka 21, kuwerengera zonse pamodzi, mtovu, nyambo, spinner (kanyambo kachitsulo kozungulira mmadzi). Apa pamathyokanso ndodo zambiri koma anthu saganizirako, munthu wamanga mtovu waukulu ndi chibulumwa cha nyambo ya nsima kuti afike pakati pa damu, kuponya ndi mphamvu zonse, nsonga nkusweka. Medium ndi mphamvu ya ndodo, Fast ndekuti imapindikira kunsonga kokha pomwe tsinde lili chilili. Mawu a Medium musawakhulupirire kwambiri, palibe lamulo limodzi lomwe makampani onse amatsatira, Medium ya kampani ina ndi Medium Heavy ya ina. Manambala aja ndi amene amathandizako.

Tsopano drag. Ntchito yake ndi ngati ya fyuzi ya magetsi, imayenera kugonja iyo zinthu zodula zisanapse. Mkati mwa spool, pamene pamakulungidwa chingwe pa reel, muli timawashala tothinana, mukamapotokola kachitsekero kapamwamba kaja mukutifinya, nsomba ikakoka kupitirira pamene mwafinyirapo spool imazungulira nkupereka chingwe, nkumalira krrrr kuja timakukonda tonsefe. Lamulo lakalekale la asodzi a ndodo ndi loti drag ikhale pa kota kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya chingwe. Chifukwa chake nchoti chingwe cholembedwa 12 lb sichifika 12 lb mukachimanga mfundo, chikakhula pamwala, chikakhala padzuwa miyezi, komanso nsomba siikoka mwaulemu, imagwedeza mutu nkutswanyula mwadzidzidzi, nde mpata wotsalawo ndi wa zimenezo. Pa chingwe cha 12 lb drag imakhala 1.4 mpaka 1.8 kg. Pa 17 lb, pamene ndodo yanu yalekezera, ndi 1.9 mpaka 2.5 kg. Ndi mmene yapezekera nambala ndakupatsani ija.

Nde taonani chimene chingachitike mutatsatira lamulo lomwelo koma potengera braid ya 50 lb. 50 lb ndi 22.7 kg, gawo lachitatu ndi 7.5 kg. Reel yanu ingathe kufikako, chingwe sichingamve kanthu, koma ndodo ya Medium pa 7.5 kg? Ndodo imene anaipangira kuti izigwira ntchito pa makilo awiri mwaisenzetsa kuposa katatu. Lamulo lija linabwera nthawi imene aliyense ankawedza ndi mono (chingwe wamba cha nayiloni) yogwirizana ndi ndodo yake, braid itabwera anthu anayamba kuika chingwe cholimba kwambiri pa ndodo zazing'ono poti nchopyapyala, braid ya 30 lb kunenepa kwake kuli ngati mono ya 8 lb, nde masiku ano powerengera drag mumayang'ana chofooka pa zonse, kaya ndi ndodo, kaya ndi leader (kachidutswa ka chingwe kolumikiza kutsogolo), kaya ndi mbedza yopyapyala imene ingawongoke, nkutengera pamenepo.

Palinso china ndi braid, siitamuka. Mono imatamuka kwambiri ndithu isanaduke, nde imakubisirani zolakwa, mlamba ukagwedeza mutu chingwe chimamwa kugwedezako. Braid zonse imapereka ku ndodo ndi ku reel momwemo. Ndichifukwa chake ine ndikaika braid drag ndimaichepetsako pang'ono kuposa mmene ndikanachitira ndi mono, ndipo kutsogolo ndimalumikiza leader ya mono kapena fluorocarbon, kwa inuyo 15 lb ili bwino, mita imodzi ndi theka kapena awiri. Mbedza ikakola pachitsa chimaduka ndi leader, braid yanu yonse imabwerera. Mfundo yolumikizira phunzirani FG ngati muli ndi mtima wodekha, imadutsa bwino mmphete za ndodo, ikakukanikani double uni imagwira ntchito, ndipo pa mbedza kapena swivel (kachitsulo kozungulira kolumikizira) mangani Palomar. Nyowetsani ndi malovu musanakoke mfundo ya mono, ikamangidwa youma imapsa nkufooka pomwepo.

Za 11 kg ya pabokosi ija sindichedwapo. Ndi pamene reel imafika mutaifinya mpaka kumapeto, ndipo kumapetoko drag siyenda bwino, imagwira nkusiya, kugwira nkusiya. Ubwino wa reel yotero ndi woti pa 2 kg imakhala ikusewera, yosalala, siitenthanso msanga. Nambalayo ndi ya otsatsa malonda, si yoti inu muifikire.

Nanga 2 kg muidziwa bwanji? Apa mpamene ndikufuna muchitedi, osangowerenga. Ambirife timayesa drag pokoka chingwe ndi dzanja pafupi ndi reel nkunena kuti yaah ili bho, koma dzanja limanama, lero mwadya bwino mawa mwatopa. Tengani botolo la Mazoe la malita awiri lija, mudzaze madzi a pampopi, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi nde muli ndi 2 kg yabwinobwino yosagula. Lumikizani ndodo, chingwe chidutse mmphete zonse ngati muli kudamu, mangani kukhosi kwa botolo, liikeni pansi pabwalo, inu mubwerere mmbuyo pang'ono. Kwezani ndodo pang'onopang'ono, chogwirira chisapitirire theka la njira pakati pa kugona ndi kuimirira, ma 45 degrees aja. Chimene mukufuna nchoti pamene botolo langoti lidzuke pansi, drag iyambe kulira nkulibweza. Likanyamuka nkumalendewera drag ili duu, mwamanga kwambiri, masulani. Ikalira botolo lisanasunthe nkomwe, onjezerani pang'ono. Osatswanyula, ndipo ana asaime pafupi ndi nsonga.

Mudzadabwa, achimwene. Botolo limene mwana amanyamula ndi dzanja limodzi, pa ndodo ya mamita 2.1 lidzakupindirani ndodo mpaka pakati, mkono kunjenjemera, msana kumva. Ndodo ndi yaitali ndipo inu mwagwira kumapeto kwakufupi, nde mphamvu yambiri mukuitaya pamenepo. Aliyense amene ndamuonetsapo zimenezi amasiya yekha nkhani ya 11 kg. Amene ali ndi sikelo yapamanja ija ya mbedza, yoyezera katundu wa pabasi kapena ya amayi ogulitsa ku Mbare, ndiyabwinonso kuposa botolo chifukwa imakupatsani nambala yeniyeni, wina agwire sikelo inu mukoke ndi ndodo. Kuyesa kudzera mndodo yopindika nkofunika chifukwa mphete zija zimawonjezera kukhulana, drag imene yawerenga 2 kg pa reel penipeni kunsonga imakhala yaposa pamenepo. Mukaipeza, kokani ndi dzanja kangapo kuti dzanja liphunzire kuti 2 kg imamveka chonchi, ena amaika kadontho ka penti ya mzikhadabo pa kachitsekero kuti asamasowe malo ake.

Mwina mukufunsa kuti nanga mlamba wa 8 kg ungatuluke bwanji ndi drag ya 2 kg. Umatuluka, tsiku lililonse anthu akutulutsa. Nsomba mmadzi siilemera ngati ili pa sikelo, madzi amainyamula, chimene mukulimbana nacho ndi mphamvu yake yosambira ndipo imeneyo imatha. Ikathawa isiyeni ithawe ikukoka makilo awiri aja kumbuyo kwake, ikaima kwezani ndodo, potsitsa mukulunge chingwe, kwezaninso, choncho choncho. Ikamathawa drag ikulira musamapukuse chogwirira cha reel, palibe chimene mukubweza, mukungopota chingwe, kenako muzidzadabwa chikupanga mfundo chokha poponya.

Ndodo yanu yakale ija sindinaione koma mwanena kuti inathyoka mlamba uli pafupi kutuluka, nde ndikhoza kubetcha kuti sinathyoke chifukwa cha kukula kwa nsomba. Nsomba ikafika pamapazi munthu amaimika ndodo chilili kuti aikokere pafupi, chogwirira kuloza kumwamba chingwe kuloza pansi, apo katundu yense amachoka patsinde pamene pali mphamvu nkupita kunsonga kopyapyala kuja, nsonga imapindika ngati mbedza nkuthyoka. Zimenezi zimachitika olo drag ili bwino, olo ndi nsomba ya kilo imodzi. Ndodo za graphite ndiye sizikhululuka, za fibreglass zolemera zija zimapirirako. Ndipo mlamba ndi katswiri pa zimenezi, umabwera ngati watopa kenako ukaona gombe umagubuduka. Nde nsomba ikayandikira masulani drag pang'ono, chingwe chatsala chachifupi palibenso chotamuka, bwererani mmbuyo mmalo moimika ndodo, mnzanu aitenge ndi neti. Kunyamula nsomba mmadzi ndi ndodo ngati kreni musiyire timabream tating'ono.

Chinanso chimapha ndodo mwakachetechete ndi kugunda. Mu kombi yaikidwa pansi pa mpando anthu akuiponda, kuchitseko yapanidwa, mtovu ukumenya pa ndodo ulendo wonse wa ku damu, kamng'alu kosaoneka kalowa. Tsiku lothyoka mumati ndi nsomba.

Mbedza ikakola pansi, ndi braid ya 50 lb imeneyi, chonde musalimbane nayo ndi ndodo. Lozetsani ndodo molunjika kumene kwakolako kuti isapinde, kapena bwino kwambiri kulungani chingwe pa kamtengo nkukoka ndi kamtengoko. Padzanja ayi, braid imacheka mpaka magazi.

Tibwere ku Kariba. October ndi nthawi yabwino ya tiger, nsomba ya mano akuthwa ija, nkutentha komweko, mpikisano waukulu wa tiger uja umene unayamba mu 1962 umachitikanso mwezi womwewo, nde malo ogona funsiranitu msanga. Tiger ndi nkhani ina poyerekeza ndi mlamba kapena bass wa ku Darwendale. Kukamwa kwake ndi fupa lokhalokha, mbedza siilowa wamba, amamenya nyambo ali pa liwiro, kuthawa, kudumpha mmwamba akupukusa mutu, ndipo ambiri amapulumuka podumphapo. Apa braid ya mlamu wanu ikuthandizani chifukwa kusatamuka kuja kumalowetsa mbedza. Koma anthu poona kuti mbedza siikulowa amathamangira kumanga drag, pomwe vuto ndi mbedza yobuntha. Nolani mbedza, kapena gulani zatsopano zakuthwa, drag ikhale pa 2.5 kg paja pamene ndodo yanu yalekezera, pobaya mutha kugwira spool ndi chala kamphindi kochepa nkusiya. Chala chimenecho ndi drag yabwino kuposa kachitsekero, chifukwa mumawonjezera ndi kuchotsa nthawi yomweyo, pomwe kachitsekero mukakapotokola nsomba ili mkati mothawa simudziwanso kuti mwafika pati. Kutsogolo kwenikweni waya ndi wokakamiza, wa 30 kapena 40 lb, kutalika ngati chikhatho ndi theka, popanda waya mano aja amadula mono ngati ulusi. Akadumpha tsitsani nsonga ya ndodo, chingwe chisakhale lende.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa ndipo ku Kariba chimagwira anthu. Chingwe chikamatha pa spool drag imalimba yokha, inu osakhudza kanthu. Spool yodzaza ndi yotakata nde chingwe chimaizunguza mosavuta, ikatsala pakati yachepa, mphamvu yofunika kuizunguza imakwera, kukula kwa mzere wa chingwe kukafika theka drag yawirikiza kawiri. 2.5 kg yanu ija yasanduka 5 kg. Kuwonjezera apo chingwe chambiri chili mmadzi chikukokedwa ndi madziwo. Nde nsomba yaikulu ikatenga chingwe chambiri, kaya tiger kaya mwakumana ndi vundu (mtundu wa mlamba waukulu kwambiri), mtima umati manga manga chikutha, koma chofunika ndi kumasulako pang'ono kapena kuitsatira ndi boti. Nkovuta kuchita mtima uli mmwamba, ndikudziwa.

Chovuta ku Kariba ndi mitengo. Damu lija pomalizidwa mu 1959 madzi anamiza nkhalango, mitengo ya tsanya mpaka lero ili chiimire mmadzi, ndipo nsomba ikalumidwa ndi mbedza imathamangira komweko. Pamalo otero mpamene munthu amafuna drag yolimba kuti aitembenuze isanafike, ndipo mpamene ndodo ya Medium imaonetsa malire ake. Maganizo anga ndi awa: pa ulendo woyamba pitani nayo yomweyo, tiger wa makilo awiri atatu anayi muthana naye bwinobwino ndipo mumva kukoma, mukakonda nkufuna kumabwererako mudzagule ya Medium Heavy ya 12-25 lb, imene ingalole drag ya 3 mpaka 3.5 kg ndi ma spinner olemerapo. Vundu musamupangire dala ndi ndodo imeneyi. Ndipo musaime mmadzi kapena kutsuka manja mmbali mwa boti mwachisawawa, ng'ona za kumeneko si nthano.

Poti ena amene amawerenga pano amalandira ndodo kwa abale a ku UK, ndinenepo pang'ono za ndodo zazitali za carp zolembedwa 2.75 lb TC kapena 3 lb TC. Musadabwe kuti ndodo yaikulu chonchi bwanji mapaundi atatu okha. Imeneyo ndi test curve, kulemera kumene kumapinda ndodo mpaka nsonga itapanga kona ya 90 degrees ndi tsinde. Chingwe chake mumachulukitsa nambalayo kasanu, ya 3 lb ndekuti chingwe cha mma 15 lb, drag nkuwerengera kuchokera pamenepo monga tachitira muja. Zina za ku Japan zimalembedwa PE 1-3, imeneyo ndi nambala ya kunenepa kwa braid, muone pa bokosi la chingwe PE yake musanagule.

Pokulunga braid pa reel yambani ndi mono pang'ono pansi, mamita khumi kapena makumi awiri, kenako mulumikize braid. Braid ndi yoterera, ikamangidwa pa chitsulo cha spool mwachindunji chingwe chonse chimatha kumazungulira pamodzi, inu nkumati drag yafa pomwe ilibe vuto. Muikulunge yothina, ikakhala yofewa imadzilowa yokha nsomba ikakoka. Ndinene zoona, 50 lb pa reel ya 4000 ndi yonenepa kuposa mmene ndikanasankhira, 20 kapena 30 lb ikanaponya patali ndi tinyambo topepuka ndipo ikanalowa yambiri, koma ya mphatso siibwezedwa, mlamu angakhumudwe, ndipo mmitengo ya Kariba ndi mu namasupuni kunenepako kuli ndi ntchito yake.

Mukabwera kowedza masulani drag yonse musanaike reel, mawashala akakhala ofinyidwa miyezi amaphwatalala, makamaka a felt aja, nde drag imayamba kugwira modumphadumpha, ndipo drag yodumpha imadula chingwe olo nambala ili yolondola chifukwa poyambira pamafunika mphamvu yoposa imene munatchera. Kokani chingwe pang'onopang'ono mumve, chizituluka mosalala osati mogwedeza nsonga. Fumbi lathu lino ndi mchenga wa kugombe zikalowa, tsegulani, pukutani, pakani girisi wa drag pang'ono, osati wa galimoto.

Musanakwere basi muonetsetse za chilolezo cha a ZimParks, oyang'anira nyama zakutchire, ku Kariba ndi ku Darwendale komwe amafunsa. Ndipo ngati mumaganiza zokayesera zida ku damu la Chivero poti ndi pafupi, funsani kaye ku ofesi yawo mmene zilili pano, mukukumbuka kuti mu December 2024 analetsa kuwedza kumeneko nyama zitafa ndi madzi oipa, kuphatikizapo zipembere zinayi. Kuyesa kwa botolo kuja pabwalo la kwanu ku Mabvuku nkokwanira. Mukayesa mundilembere kuti drag munaipeza ili pa makilo angati musanaisinthe, komanso munditumizire chithunzi cha ndodo yakale ija pamene inathyokera, ndikufuna ndione ngati ndi kunsonga.